Mkazi wa Chimkono

Goodman anali ndi kanyumba koonetsera mafilimu pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wopita ku boma la Phalombe. Sanali woonetsa chabe. Ankagwira maikolofoni n'kumamasulira m'Chichewa zimene anthu a m'filimumo akulankhula, kwinaku akuthiramo zake, ndipo aliyense wa m'filimu ankamupatsa dzina lakumudzi. N'chifukwa chake anthu ankadutsa mavidiyo ena awiri a pamsikapo n'kudzapanikizana pamabenchi ake. Chingerezi anachiyambira kusekondale, koma chambiri anachitolera m'timabuku ta nkhani zazithunzi, tija tojambula pamanja, timene ankagula kwa ogulitsa pansi ku Limbe zaka zimene ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu. Pobwerera kumudzi anabwera nato todzaza katoni.

Chaka cha namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Malichi, mvula inagwa masiku angapo osakata. Pamsikapo madzi analowa m'nyumba kufika m'mawondo n'kuphwera. Midzi ya m'tsinde mwa phiri ndi imene inaona zakuda. Napolo anatsika ndi matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe, ndipo pamene panali nyumba ndi minda panatsala chigwa cha miyala yokhayokha. Opulumuka anawasonkhanitsa pasukulu ina ya pulayimale, mtunda wa ola limodzi kuchokera pamsikapo.

Patatha sabata zitatu, mayi Aliness, amene anthu anawasankha kuti aziyang'anira msasa wa pasukulupo, anabwera kwa Goodman. Anamuuza kuti ufa ukubwera pang'onopang'ono ndipo mabulangete afika, koma anthu akungokhala pakhonde la sukulu tsiku lonse atayang'ana kuphiri. Ana akumenyana popanda chifukwa, azibambo sakulankhulana. Anapempha kuti abweretse kanema, tsiku limodzi lokha, mitima ipumeko.

Goodman anavomera. Magetsi kunalibe chigwereni mapolo, ndipo batire lake limodzi, lotchajidwa ndi sola, linali lokwanira filimu imodzi basi. Pa fulashi, kachipangizo kake kosungira mafilimu, panali filimu yatsopano imene mnzake wa ku Blantyre anamutumizira mvula isanayambe. Anali asanaionere, ndipo sanafune kuthera batire poiyesa. Sanaone vuto chifukwa nkhaniyo ankaidziwa: filimuyo anaipanga kuchokera ku timabuku timene iye anali nato titatu mu katoni muja. Inali nkhani ya munthu wovala chophimba kumaso, wamphamvu zosaneneka m'mikono, amene mkazi wake anthu amamuyesa wafa nyumba yosanja itagwa, koma pambuyo pake amatulukira ali moyo. Goodman anaganiza kuti palibe nkhani ina yoyenera anthu a kumsasa kuposa imeneyo. Dzina la munthuyo anali atakonzeratu: Chimkono.

Loweruka masana anamanga tivi, sipika ndi batire panjinga n'kupita. Anamupatsa kalasi ya sitandade 8. Mazenera anatsekamo ndi masaka ndi zitenje, ana anakhala pansi kutsogolo, azimayi pamadesiki, azibambo ataima kumbuyo. M'chipindamo munkamveka fungo la zovala zosauma bwino. Pafupi ndi chitseko panaima bambo wina wowonda, miyendo ili mbuu ndi matope ouma. Mayi Aliness ananong'oneza Goodman kuti amenewo ndi a Eneya, ndipo anachita kuwachonderera kuti lero asapite kokumba.

Nkhani ya a Eneya aliyense pamsasapo ankaidziwa. Anali mlimi wa chinangwa ndi nandolo, mkamwini m'mudzi wa mkazi wawo Lenia. Tsiku la napolo iwo ananyamula ana awiri, wina kumsana wina m'manja, n'kuthamangira kumtunda, Lenia akutsatira pambuyo. Atacheuka, Lenia anali atabwerera kukatsekulira mbuzi. Sanamuonenso. Kuyambira tsiku limenelo ankalawirira ndi khasu kukakumba pamalo pamene ankaganiza kuti panali nyumba yawo, ngakhale kuti asilikali ndi agalu awo anali atayesa kale n'kuchoka.

Filimu itayamba, anthu anadandaula kuti tivi ili ndi vuto, chithunzi chikuda. Goodman anawauza kuti ndi mmene anaijambulira, mumzinda wa Chimkono dzuwa silituluka. Anthu anaseka pang'ono. Koma m'mzindamo munkagwanso mvula, ndipo sipika inkatulutsa mkokomo wake bwino kwambiri. Gogo wina anadzuka mwakachetechete n'kutuluka. Goodman anatsitsa mawu a filimu n'kukweza ake. Chimkono atakumana ndi mbava zisanu ndi imodzi mumsewu wopapatiza, Goodman anati akuzigawira thandizo mwamzere, aliyense chibakera chimodzi, osabwereza. Apo ndiye kalasi yonse inaseka, ngakhale azibambo akumbuyo. Mayi Aliness anamuyang'ana n'kugwedeza mutu mokhutira.

Kenako nyumba yosanja ija inagwa, mkazi wa Chimkono ali mkati.

M'buku zimenezi zinali masamba awiri okha. M'filimu sizinafulumire kutha. Fumbi linakwera, anthu akuthamanga atayera ngati ogwera mu ufa, ndipo Chimkono anafika n'kuyamba kukumba ndi manja. Ankanyamula zipupa zathunthu n'kuziponya kumbali, kenako n'kugona pansi, khutu pamiyala, kumvetsera. Ankatulutsa anthu mmodzimmodzi, ena akupuma, ambiri ayi, ndipo osapumawo ankawandanditsa mumsewu n'kuwafunditsa nsalu. Kunada, kunacha, iye akukumbabe, zala zikutuluka magazi. Panalibe amene ankalankhula m'filimumo, choncho Goodman analibe choti amasulire. Anafufuza nthabwala m'mutu, sanaipeze.

Mayi wina kumadesiki anayamba kulira motsitsa, mnzake n'kutsatira. Mwana wina anabisa nkhope m'chitenje cha amayi ake. Mayi Aliness anaima n'kuyamba kudutsa pakati pa anthu kulunjika kumene kunali tivi, ndipo Goodman anadziwa kuti akubwera kudzamuuza kuti azimitse. Anakweza maikolofoni.

"Musadandaule, abale anga," anatero. "Mkaziyu sanafe. Ine buku lake ndinaliwerenga lonse. Ali moyo, atulukira kutsogoloku. Dikirani muone."

Anamva anthu akupumira pamodzi. Wina kumbuyo anati bwenzi atanena kale. Mayi Aliness anaima kanthawi, kenako anabwerera pamalo pawo. A Eneya anachoka pachitseko paja, anadutsa azibambo anzawo, n'kudzakhala pansi pakati pa ana, kutsogolo kwenikweni.

Filimu inapitirira, koma siinatsate buku. Chimkono anamva kuti nyumbayo inagwetsedwa dala ndi anthu ena olemera, ndipo anayamba kuwasaka. Sankawapereka kupolisi monga ankachitira m'timabuku muja. Ankawathyola manja ndi miyendo, akumawafunsa funso limodzi lokha, loti mkazi wake ali kuti. Anyamata a m'kalasimo poyamba ankakuwa kuti awamenye, koma pofika munthu wachitatu anasiya, chifukwa munthuyo ankalira ngati mwana ndipo ankaoneka kuti sakudziwadi. Azimayi ena anati ameneyu wapenga, salinso wothandiza anthu. Ena anati msiyeni, simudziwa zimene zili mumtima mwake. A Cornelius, mkulu amene anataya azichemwali ake awiri pa napolo wa 1991 ndipo tsopano anali atataya mdzukulu, analankhula osakweza mawu, koma aliyense anamva.

"Mnzathuyu ali ndi mwayi, ali ndi oti awamenye. Nanga ife tikamenye ndani? Phiri?"

Goodman anabwerezanso kawiri lonjezo lake loti mkaziyo atulukira, ulendo wachiwiri mawu ake akumveka ngati a munthu wina. Chitseko chikatseguka m'filimumo, anthu ankasuzumira kutsogolo. Mkazi aliyense wooneka chakumbuyo, ana ankaloza n'kumati ndi uyo. Sankakhala iye. Goodman anayang'ana kamzere kosonyeza nthawi ndipo anaona kuti kwatsala mphindi khumi.

Kumapeto kwake Chimkono anabwerera pabwinja paja. Adani ake onse anali atatha, anthu a mumzinda akumuthawa. Kunabwera mathirakitala odzasalaza malowo, ndipo iye anavula chophimba kumaso chija, anakhala pamwala n'kumaonerera. Ananena mawu ochepa, motsitsa. Goodman sanamasulire.

A Eneya anatembenuka. "Wati chiyani?"

Goodman akanatha kupeka, inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Koma bamboyo ankamuyang'ana m'maso. "Wati, mphamvu zonsezi, ndalephera kupeza munthu mmodzi."

Tivi inada, n'kuyamba kukwera mayina oyera. Palibe anadzuka. Goodman anawauza kuti mafilimu a mtundu umenewu nthawi zina amabisa kachigawo kena mayina akatha, ndipo iye mwini ankakhulupirira kuti kalipo. Anthu oposa zana anakhala m'chipinda chotentha akuyang'ana mayina a anthu osawadziwa akukwera pang'onopang'ono, mphindi zisanu ndi zitatu zathunthu. Mayina atatha panabwera mdima, kenako tivi inabwerera pamndandanda wa zimene zinali pa fulashi.

Anthu anatuluka mosakankhana. Mayi wina anaima pamaso pa Goodman n'kumuuza kuti Mulungu amukhululukire, chifukwa iye sangathe. Anyamata ankang'ung'udza kuti fulashiyo ndi yoduka, gawo lomaliza linatsala ku Blantyre. Mayi wina wachitsikana, maso ali psuu, anamuuza kuti chichitikireni ngoziyo anali asanalirepo, lero ndiye walira, koma sananene ngati akuthokoza kapena akudandaula. A Cornelius anauza anthu kuti amusiye Goodman, filimuyo sanaipange ndi iye, ndiponso siiname. Mayi Aliness anangoti alongedze dzuwa lisanalowe.

Akumanga katundu panjinga, a Eneya anabwera atanyamula batire. Analiika pakaliyala n'kugwirizira kuti Goodman amange. Kenako anafunsa ngati zija ananena pamaikolofoni zinali zongotonthoza anthu. Goodman analumbira kuti sananame, m'buku mkaziyo amabweradi, opanga filimu ndi amene asintha.

"Ndiye mudzandionetse bukulo, achimwene," anatero a Eneya.

Lolemba m'mawa Goodman anawapeza atakhala pakhonde la kanyumba kake. Katoni ija inali itanyowa pansi, timabuku tambiri titamatana, koma kamene ankafunako kanali pamwamba. Anatsekula tsamba lake. Panali mkazi ataima pakhomo, atavala chikhoti chachikulu chosakhala chake, Chimkono atagwada patsogolo pake. A Eneya anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala chawo chosweka chikuyenda m'mbali mwake osakhudza nkhope. Anafunsa kuti mkaziyo anakhala masiku angati pansi pa miyala.

Goodman anafotokoza kuti sanakhalepo n'komwe. Nyumba ikugwa anaponyedwa kutali, anamenyetsa mutu n'kuiwala dzina lake ndi kwawo. Anthu achilendo anamutola n'kumusunga m'tauni ina, ndipo anakhala kumeneko miyezi yambiri mwamuna wake akukumba pamalo olakwika. Ali mkati mofotokoza anaona mmene nkhope ya a Eneya ikusinthira, ndipo anazindikira chimene akuchita. Anafulumira kuwonjezera kuti zonsezi n'zopeka, kuti olemba timabukuti amapha munthu lero n'kudzamudzutsa chaka chamawa pofuna kuti nkhani isathe. A Eneya anavomera ndi mutu ngati akumva. Kenako anati madzi a mtsinje wa kwawo sathera pamiyala paja, amapita mpaka kunyanja ya Chilwa, ndipo madzi amanyamula munthu. Anapempha kabukuko. Goodman sanapeze njira yokanira.

Kuyambira tsiku limenelo a Eneya anasiya khasu n'kuyamba kuyenda. Anapita kuchipatala cha boma n'kuyang'ana bedi lililonse la kuchipinda cha amayi. Anapita kuchipatala cha mishoni. Anazungulira misasa ina isanu, wapansi, akufunsa ngati kuli mayi wosadziwika kwawo, wamfupi, wa mpata pamano akutsogolo. Nthawi zina ankatha masiku awiri osabwerera. Ana awo ankagona ndi mayi Aliness, ndipo wamkuluyo, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, anayamba kuuza anzake kuti amayi ake ali moyo, angoiwala njira.

Mayi Aliness anabweranso pamsika, ulendo uno osakhala pansi. Anauza Goodman kuti pamene a Eneya ankakumba anthu ankadziwa kumene ali ndipo madzulo ankabwera kudzadya ndi ana. Tsopano mapazi atupa, chakudya sakudya, ndipo mwana wayamba kudikirira pamsewu. Anati moto umenewu anayatsa ndi iye, akauzimitse yekha. Goodman anapita kumsasa kawiri. Ulendo woyamba sanawapeze. Ulendo wachiwiri anawapeza akutsuka mapazi pamjigo, anayamba kulankhula mozungulira za mmene nkhani zam'mabuku zimasiyanirana ndi moyo, ndipo a Eneya anamudula ndi nkhani yawo. Anali atamva kwa wogulitsa matemba kuti padoko lina ku Chilwa asodzi anavuula mayi wamoyo atakakamira thunthu la nthochi, ndipo mpaka pano mayiyo salankhula. Kunali kutali koti munthu sangayende wapansi ndi mapazi amenewo. Anapempha Goodman kuti awaperekeze.

Goodman anabwereka njinga yamoto kwa mlamu wake ndipo ananyamuka m'mawa. Msewu wodzera ku Jenala unali utadukaduka. Pamilatho iwiri anachita kutsika n'kukankha njingayo m'matope, anthu a m'midzi akuwathandiza kunyamula. Chakumunsi minda ya mpunga inali itasanduka nyanja, nsonga za mabango zokha zikuoneka, ndipo anasiya njinga pakhomo pa munthu n'kukwera bwato. Kabuku kaja a Eneya anali atakakulunga m'pepala la pulasitiki n'kukaika m'malaya.

Anafika padoko dzuwa lili pamutu. Nkhaniyo inali yoona. Mkazi wa msodzi wina anawatsogolera kuseri kwa zisakasa, kumene amawambira nsomba, ndipo pamenepo panakhala mayi atafunda chitenje chobwereka, akuyang'ana utsi. Goodman anayang'ana a Eneya, osati mayiyo. Anaona mapewa awo akutsika asanafike n'komwe pafupi. Mayiyo anali wamtali, wachikulire, tsitsi la imvi.

A Eneya sanabwerere pomwepo. Anakhala pansi pambali pa mayiyo n'kumupatsa moni m'Chilomwe. Anamufunsa mofatsa ngati m'madzi muja anaonamo munthu wina, mayi wamfupi, mwina atagwira mtengo ngati iye. Mayiyo anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa. Kenako anatchula dzina, la mwamuna, kawiri, ngati akufunsa. Silinali dzina la aliyense amene analipo. Mkazi wa msodzi uja anati ndi mawu okhawo amene amanena, ndipo munthu aliyense wachilendo akafika amamufunsa chimodzimodzi.

Akubwerera kubwato, msodzi wina anawauza kuti anamva za mayi winanso padoko la kumpoto, kufupi ndi malire a Mozambique, ngakhale sanali wotsimikiza ngati anali wamoyo pomuvuula. A Eneya anafunsa njira mwatsatanetsatane, kenako anayang'ana Goodman. Anali awiriwiri m'mphepete mwa madzi, ntchentche zikuzungulira mamba a nsomba pansi.

"Achimwene," anatero Goodman, "alamu anga, a Lenia, anamwalira. Sali padoko lililonse. Ndinalakwa ine kukuonetsani buku lija."

A Eneya anayang'ana madzi. "Ndikudziwa," anatero. "Ndinadziwa tsiku lomwe lija nditacheuka. Koma ndikakhala pansi, ndizichita chiyani?"

Goodman anapita nawo kudoko la kumpoto. Anafika madzulo, ndipo anthu a kumeneko anawaonetsa manda atatu opanda mayina pakachulu, a anthu amene madzi anawabweretsa. Mmodzi anali mzimayi, koma palibe amene akanatha kunena za msinkhu wake kapena mano ake. Anagona m'chisakasa cha asodzi n'kubwerera m'mawa mwake.

Msasa unatsekedwa mu Meyi kuti ana ayambirenso kuphunzira. Abale a Lenia amene anatsala, amalume ake ndi mchemwali wake mmodzi, anakhala pansi ndi a Eneya n'kugwirizana kuti maliro achitike, mwana uja asiye kudikirira pamsewu. Anadula thunthu la nthochi la msinkhu wa munthu m'malo mwa mtembo, analikulunga m'nsalu yoyera n'kuliika m'bokosi. Goodman anali m'gulu la okumba manda, ndipo atatopa anzake iye anakana kutuluka m'dzenjemo mpaka linakwana. Bokosilo linali lopepuka moti onyamula ankachita kuyenda pang'onopang'ono dala. A Eneya anayenda pambuyo pake atagwira ana awo manja, ndipo atafika pamanda anatsanulira dothi loyamba monga anawauzira. Mawa lake anatenga anawo n'kupita nawo kwawo kumene anabadwira, kuseri kwa phiri.